Kadayisi ka Amalume ndi Mlonda wa pa Mlatho

Kanali kobiriwira, kakang'ono ngati nthudza, ndipo kanali ndi mbali makumi awiri. Mbali iliyonse inali ndi nambala yake yolembedwa ndi utoto woyera, kuyambira wani mpaka twente, koma pa seveni utoto unali utafufutika moti tinkachita kuwerama kuti tione bwino. Amalume ankakasunga m'kabokosi ka machesi, m'thumba la malaya la pamtima. Iwo ankati dayisi. Ife ana tinkati kadayisi, pofuna kukasiyanitsa ndi dayisi wa mbali sikisi uja anyamata ankachitira njuga kuseri kwa magolosale.

Amalume ankagwira ntchito kwa anthu okonza mapepala a katundu pa boda ya Mchinji. Tsiku lonse ankangokhalira kuthamanga pakati pa ofesi ndi mathiraki, mapepala ali m'jumbo kuopa mvula. Kadayisi kaja anapatsidwa ndi dalaivala wina wochokera kutali kummwera, amene thiraki yake inakhalitsa pa mzere mapepala ake atasokonekera. Posowa chochita, awiriwo ankakhala pansi pa thirakiyo, dalaivala n'kumawaphunzitsa amalume masewera a kwawo. Mapepala atatheka munthuyo anapita, kadayisi anasiya.

Dzinja limenelo ine ndinali mu Sitandade sikisi, mlongo wanga ali mu Sitandade fili. Bambo ankakhala ku esiteti ya fodya ndipo ankabwera fodya akagulitsidwa basi. Panyumba tinalipo anayi: amayi, amalume m'kachipinda ka kuseri, ine, ndi mlongo wangayo.

Mlongo wanga anali wachibwibwi. Liwu likamukanira, nsagwada zinkanjenjemera, maso n'kutsinzina, phazi likuponda pansi ngati likufuna kuthandizira kutulutsa mawuwo. Kunyumba ankalankhula pang'onopang'ono, ine n'kumamumalizira, ndipo ndinkayesa kuti ndikumuthandiza. Ku sukulu anzake ankamutsanzira mpaka anangosiyiratu. Teremu yonse yathunthu osatsegula pakamwa, ngakhale poitana mayina ankangokweza dzanja.

Potsekera sukulu aphunzitsi ake anaitanitsa amayi. Sanali munthu wankhanza ayi, anali bambo wofatsa wa ana ochuluka zedi m'kalasi imodzi. Anati, "Mayi, kulemba amalemba ndithu, koma mawu ake sindikuwadziwa. Tikatsegulira, akapanda kuwerenga mokweza ngati anzake, ndimubweza ku Sitandade thuu." Amayi anabwerako nkhope ili gwa. Anati kumubweza kwa tiana ndiye kumuponya m'kamwa mwa afisi, akamuseka kuposa kale. "Bola apite kwa bambo ake, fodya safuna kulankhulitsidwa." Amayi anga sankanena chinthu kawiri. Madzulo omwewo anatenga chikwama cha mizeremizere n'kuyamba kuikamo zovala za mwanayo, n'kuchikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Tonse tinkadziwa kuti ana opita ku esiteti sabwereranso ku sukulu.

Pa mwambo wathu amalume ndiwo eni mbumba, ndipo anayenera kukhala ndi mawu pa nkhani ngati imeneyi. Koma anali wamng'ono kwa amayi, osakwatira, akudya za m'mphika wa amayi omwewo. Mawu awo ankapepuka. Sanatsutse chilichonse. Loweruka loyamba la holide, mvula ikusokosa pa malata, anang'amba katoni ya mafuta ophikira, n'kuiimika pa mphasa ngati kampanda, iwo n'kukhala kuseri kwake. Anaitana ine, mlongo wanga, ndi mwana wa aneba, mnyamata wa msinkhu wanga amene sankatha kukhala chete.

"Inu atatu muli pa ulendo," anatero. "Kuseri kwa phiri kuli mudzi umene unadya mbewu yake yonse chifukwa cha njala. Mwasenza thumba la mtedza wobzala. Mvula yayamba kale. Mukachedwa, chaka chino sabzala."

Aliyense anamupatsa munthu wake woti akhale. Ine ndinali mlenje wa maso akuthwa. Mwana wa aneba anali wosula makasu, wamphamvu ngati ng'ombe. Mlongo wanga anamupatsa kukhala mthenga, munthu wa pakamwa potsekemera, amene ntchito yake inali kulankhulira gulu. Ndinawayang'ana amalume ndi diso loipa. Ndinkaona ngati chipongwe.

Masewerawo ankayenda motere. Amalume ankafotokoza pamene tafika, kenaka n'kufunsa kuti, "Ndiye muchita chiyani?" Iwe unkanena chimene munthu wako akufuna kuchita. Ngati chinali chinthu choti chikhoza kukanika, amalume ankasankha nambala mumtima mwawo, yaing'ono ngati chinthucho n'chosavuta, yaikulu ngati n'chovuta. Unkaponya kadayisi, n'kuphatikiza ndi luso la munthu wako. Ine pa kuona ndinkawonjezera faifi, wosula pa kunyamula faifi, mthenga pa kulankhula faifi. Ukafika pa nambala ya amalume, zatheka. Ukapanda kufika, zakuvuta.

Anali ndi malamulo awo amene ankawabwereza mpaka tinawaloweza. "Sitiponya pa chilichonse, chitseko chosakhoma sichifuna dayisi." Ndiponso, "Kulephera si kutha kwa nkhani." Ndikukumbukira tsiku limene wosula anafuna kudumpha mtsinje atasenza thumba, n'kuponya fili. Tinayesa kuti basi wamira. Koma amalume anati wawoloka ndithu, kungoti thumba lanyowa, ndipo tikapanda kupeza poyanika mtedza umera m'njira. Tinatha masana onse tikufunafuna phanga ndi nkhuni zouma, ndipo anali masana okoma kuposa onse. Lamulo lachitatu linali la ine ndekha, ngakhale sananditchule: pa mphasa pano palibe womalizira mnzake mawu.

Panali kusiyana kumodzi. Ine ndi mwana wa aneba tinkaponya tokha, poyera. Koma mthenga akafuna kunyengerera munthu, amalume ndiwo ankaponya, kuseri kwa katoni. Ankati mtima wa munthu wina suoneka, choncho nambala yakenso isaoneke. Tinkangomva kadayisi kakugubuduka, kenaka amalume n'kusuzumira, n'kugwedeza mutu. Ndipo mthenga wathu, abale inu, anali ndi mwayi! Akangoti "ti-tithandizeni," mayi wa m'nkhani ankatipatsa pogona. Akangoti "chonde," mwini bwato ankatiwolotsa ulere. Mlongo wanga ankamwetulira, mapewa n'kukwera pang'ono. Mawu ake sankapitirira awiri kapena atatu, koma anali mawu, pamaso pa mwana wa aneba, amene sanali wa m'nyumba mwathu.

Lero ndikudziwa chimene chinkachitika kuseri kwa katoni ija. Ndinawafunsa amalume ndili wamkulu kale, ndipo anaseka osakana. Pa maulendo a mthenga sankayang'ana n'komwe nambala. Sindiwaweruza. Munthu ukaona mwana akumira sufunsa kuti chingwe n'cha ndani. Komabe ndiyenera kunena zoona: milungu inkapita, chikwama chili pa msomali, ndipo mawu awiri sakanakwanira kuwerenga ndime pamaso pa kalasi.

Fungo la masiku amenewo ndi la mango owola pansi pa mtengo, dizilo wa mathiraki oima pa mzere, ndi mphasa yonyowa. Mvula ikakata tinkamva osintha ndalama akuitanira ku msewu, ndi wailesi ya ku Chipata ikulira m'golosale. Amalume ankabwerako ku ntchito matope ali m'mawondo, osasamba n'komwe, n'kuimika katoni.

Zinasokonekera chifukwa cha amayi awiri a ku mphakati amene anabwera kudzaona amayi masana ena. Anatipeza pakhonde. Anaona munthu wamkulu atabisala kuseri kwa katoni, akuponya kanthu kobiriwira pansi, n'kukayang'ana, kenaka n'kuuza ana kuti, "Iwe njoka ikuluma, iwe upulumuka." Anangoyang'anana. Sanakhale n'komwe nthawi yaitali. Pofika mawa lake nkhani inali itafika ku mjigo kuti mlongo wawo wa amayi akuombeza maula, ndipo akuphunzitsa ana.

Kunena chilungamo, ndikaganiza lero, amayi aja sanali opusa. Ndani kwathu kuno amaponya tinthu pa mphasa n'kumanena za kutsogolo kwa anthu? Iwo anaona chimene ankachidziwa.

Amayi sanafunse zambiri. Anapita pa chingwe pamene malaya a amalume anali, n'kutulutsa kabokosi ka machesi, n'kulunjika ku chimbudzi. Tinamva kachiphokoso kakang'ono, basi. Katoni anasonkhezera moto. Amalume atabwera anayesa kufotokoza kuti ndi masamu chabe, kuti palibe mzimu uliwonse, koma amayi anati, "Ngati ndi masamu, n'chifukwa chiyani umabisala? Chobisika n'cha mdima." Amalume anakhala pa khonde osadya. Mlongo wanga tsiku limenelo sanalankhule ngakhale kwa ine.

Patapita masiku angapo amalume anabwera ndi laputopu ya ku ofesi, yakale, yolemera, batani limodzi litathothoka. Abwana awo ankawalola kuisunga kumapeto kwa sabata chifukwa denga la ofesi linkadontha. Mu pulogalamu ya mizere ndi mabokosi ija ankalembamo katundu wa mathiraki, iwo anakonzamo kanthu kawo. Bokosi loyamba unkalembamo nambala yofunika kufikira. Lachiwiri linali la luso la munthu. Ukadina batani lina la pamwamba, bokosi lachitatu linkatulutsa nambala iliyonse pakati pa wani ndi twente, kompyuta n'kuphatikiza yokha, n'kulemba pansi ndi zilembo zikuluzikulu kuti WAPAMBANA mobiriwira, kapena WALEPHERA mofiira. Ananyadira kwambiri ntchito yawoyo. Anatidinitsa aliyense kambirimbiri kuti tione kuti nambala sibwera mwa dongosolo.

Amayi anaima chapatali manja ali m'chiuno. Kompyuta kwa iwo inali chinthu cha sukulu, cha ma ofesi, ndipo palibe mayi wa ku mphakati akanati laputopu ndi ula. Chinthu chake chinali chomwecho, nambala yobwera mwamwayi, koma chitavala jekete. Analola, koma anaika mfundo ziwiri. Yoyamba, sikirini iyang'ane kwa anthu onse, pasakhale kubisala. Yachiwiri, aitana aphunzitsi adzaone okha ngati zimenezi zilidi za maphunziro. Amalume anavomera msanga. Ndikukhulupirira kuti anazindikira mochedwa chimene anavomeracho.

Aphunzitsi anabwera Loweruka lomaliza la holide, ambulera ili m'manja, nsapato zili matope okhaokha. Amayi anawapatsa mpando, amayiwo n'kukhala pa chitseko ndi lichero la nyemba. Mlongo wanga atangowaona aphunzitsi anafota. Anakhala kumapeto kwa mphasa, mutu uli pansi, akukanda bango ndi chikhadabo.

M'nkhani tinali titafika pa mlatho womaliza, mudzi wa njala ukuonekera tsidya. Pa mlathopo panali mtengo wopingasa ndi mlonda. Amalume ankamulankhulitsa mlondayo Chinyanja cha ku Zambia chimene ankachimva tsiku ndi tsiku pa boda, ndipo tinkafa nacho kuseka. "Imwe, muyenda kuti? Apa sipapita munthu." Wosula anafuna kumumenya, amalume n'kumukumbutsa kuti kuseri kwa mlondayo kuli anzake ambiri a mikondo. Ine ndinafunafuna njira ina, ndinadina batani, ndinapambana, ndipo chimene ndinaona n'chakuti mtsinje wadzaza, njira ina kulibe. Panatsala mthenga.

Tinadikira. Mvula inali itachepa, madontho akugwera m'beseni pansi pa denga. Lilime langa linkayabwa kuti ndimulankhulire, koma lamulo linali lamulo. Kenaka, osadzutsa mutu, mlongo wanga anati, "A-a-abwana, ta-tanyamula mbewu. Anthu a-akudikira." Anali mawu ambiri kuposa amene ananenapo pa mphasa ija, ndipo aphunzitsi anawongoka pa mpando.

Amalume analemba thwelofu m'bokosi loyamba, faifi m'lachiwiri, n'kumukankhira laputopu. Mlongo wanga anadina. Inatuluka thuu. Thuu ndi faifi, seveni. Pansi pake, mofiira, zilembo zazikulu zoti ngakhale amayi pa chitseko anaziona: WALEPHERA.

Ndinawayang'ana amalume. Dzanja lawo linali m'mwamba pang'ono, pamalo pamene kale pankakhala katoni. Anayang'ana sikirini, anayang'ana mwanayo, anayang'ananso amayi. Panalibe pobisala. Anabwerera m'mawu a mlonda, koma opanda nthabwala tsopano. "Sin'namvele. Bwelelani kwamene mwachoka." Kenaka m'mawu awoawo, motsitsa, anafunsa funso la masiku onse: "Ndiye uchita chiyani?"

Ine mumtima ndinati basi zatha, chikwama chija chitsika pa msomali. Ndinawada amalume nthawi imeneyo, ndinaida kompyuta, ndinawada amayi a ku mphakati ndi ana awo omwe.

Mlongo wanga anaimirira. Nkhope inali itachita kutupa ndi mkwiyo. "Mwa-mwa-mwamva!" anakuwa. "Mwamva inu! Mu-mukungofuna ndi-ndibwereze kuti mu-museke!"

Palibe anaseka. Ngakhale mwana wa aneba anatseka pakamwa. Ndipo mwanayo sanaime. Anamuuza mlonda za thumba limene linanyowa, za phanga, za utsi umene tinayanikira mtedza, za mwini bwato, za njoka. Ankakakamira pafupifupi pa liwu lililonse, phazi likuponda mphasa, maso akutsinzina ndi kutsegula, malovu akuthovoka, koma akatuluka pa liwu limodzi ankalowa pa lina. Anati anthu tsidya lija alibe chobzala ndipo mlondayo akudya bwino. Anati ngati satichotsera mtengowo akhala pomwepo n'kumalankhula mpaka mlondayo atope, chifukwa iye kulankhula kumamutengera nthawi ndipo nthawiyo ali nayo. Sindinamumvepo akulankhula motalika chomwecho chibadwire. Amayi anali atasiya kusankha nyemba.

Atamaliza anangoima, akupuma mwawefuwefu. Mwana wa aneba ananong'oneza kuti adinenso batani, mwina ibwera yabwino. Amalume anatseka laputopu pang'onopang'ono. "Apa sitiponya," anatero. "Timaponya pamene pali chikayiko." Ndipo anatiuza kuti mlonda wachotsa mtengo, waima pambali, sanathe n'komwe kutiyang'ana kumaso.

Aphunzitsi sanadikire kuti tifike kumudzi wa njala. Anatenga ambulera yawo, n'kuima pafupi ndi amayi. "Mayi, za kompyutazi ngati zili za sukulu kapena ayi, ine sindinganame, sindikudziwa. Koma mwanayu ndamumva. Lolemba abwere, malo ake alipo." Amayi anangoti, "Zikomo aphunzitsi," n'kuwaperekeza mpaka pa msewu. Pobwerako analowa m'nyumba, ndipo ndinamva chikwama chikutsika pa msomali ndi zovala zikubwerera m'dengu.

Sindinena kuti chibwibwi chinatha, chifukwa sichinathe. Sabata yotsegulira anawerenga ndime yake pamaso pa kalasi, ena anaseka ndithu, iye anamaliza. Sukulu anapitiriza mpaka Folomu folo. Lero ali ndi kashopu ka mbewu ndi feteleza pa Boma, ndipo akayamba kukangana ndi kasitomala, kasitomalayo ndiye amayamba kutopa. Masewera aja sitinawapitirize nthawi yaitali. Abwana anaitanitsa laputopu yawo denga litakonzedwa, ndipo chaka chotsatira amalume anakwatira n'kusamuka.

Koma tsiku la aphunzitsi lija lisanathe, amayi anandituma kuseri kwa nyumba kukatenga beseni la madzi a mvula. Ndinawapeza amalume ataima okha pafupi ndi mpanda, atayang'ana ku chimbudzi, mapewa akugwedezeka. Ankapukuta kumaso ndi malaya. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira popanda maliro, ndipo ndinaima ndi beseni langa n'kuyamba kuganiza chimene chawavuta. Mlatho tinawoloka, aphunzitsi sanakalipe, amayi sanatenthe chilichonse. Ndinatsatira kumene maso awo ankayang'ana, ndipo ndinapeza yankho limene linandikwanira.

"Musalire amalume," ndinatero. "Dalaivala wina adzabweretsa kena."

Anatembenuka, n'kundiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka misozi ili m'masaya. "Eya, mwina adzabweretsa," anatero, n'kundithandiza kusenza beseni.

Ndinalowa m'nyumba ndikuwamvera chisoni kwambiri, ndipo kwa zaka zingapo ndinkauza anzanga kuti amalume anga anakakonda kadayisi kawo mpaka kukalirira.